Mphatso, foni ndi siginecha: malire a wogula katundu wa boma ali pati?

Kalozera_wa_LPO
Moni nonse. Ndili ndi mafunso awiri omwe amavuta anthu ongoyamba kumene ntchito yogula katundu wa boma, ndipo ndikufuna mayankho oti munthu angawagwiritse ntchito, osati kungouzidwa kuti "khalani okhulupirika". Loyamba: kampani yomwe imagulitsa katundu ku ofesi ya boma yatumiza mphatso kumapeto kwa chaka, tinene dayale, kalendala ndi kabokosi kena kokutidwa bwino. Nthawi imeneyo palibe tenda yomwe kampaniyo ikupikisana nawo. Ofesala alandire kapena abweze? Lachiwiri: tenda yalengezedwa, ndiye mmodzi mwa opikisana waimba foni kufunsa tanthauzo la ndime ina m'chikalata cha tenda. Funso lake ndi lomveka, yankho lake ndi mawu awiri okha. Kumuyankha pomwepo n'kulakwa?

Nsanamira
Mphatsoyo ibwezedwe. Pa foni asayankhe.

Gulugufe09
A Nsanamira, ndi kalendala yomwe? Munthu angagulitse kontrakiti chifukwa cha kalendala?

MayiWaKomiti
Tiyambe ndi mphatso. Malamulo a mayiko ambiri saletsa chilichonse, amaika malire. Chitsanzo chodziwika ndi cha ogwira ntchito m'boma la America: amaloledwa kulandira mphatso yomwe sanapemphe ya mtengo wosapitirira madola 20 pa nthawi imodzi, ndipo zonse zochokera kwa munthu mmodzi kapena kampani imodzi zisapitirire madola 50 pa chaka. Ndalama zenizeni sizilowa m'chilolezo chimenechi ngakhale zichepe bwanji. Ndiye choyamba n'kuwerenga malire omwe malamulo a ofesi yanu anaika.

Koma malire otere amapangidwira wogwira ntchito m'boma aliyense, pomwe wogula katundu amakumana ndi ogulitsa tsiku ndi tsiku. Kwa iyeyu ine ndimati zikhale motere. Chinthu chosindikizidwa dzina la kampani chomwe akugawira aliyense, monga kalendala kapena cholembera, chingalandiridwe, koma chilembedwe m'kaundula wa mphatso: tsiku, wopereka, chomwe wapereka, mtengo wake mongoyerekeza, ndi komwe chapita. Kabokosi kokutidwako ndi nkhani ina. Kasatsegulidwe ndi munthu ali yekha. Katsegulidwe pali mboni, kalembedwe m'kaundula, kabwezedwe ndi kalata ya ofesi yosayinidwa ndi mkulu wa dipatimenti, ndipo kope la kalatayo lilowe m'fayilo. Ngati n'chinthu chosachedwa kuwonongeka choti sichingabwezedwe, chiperekedwe ku ofesi kuti ndiyo ione chochita nacho. Chisapite kunyumba kwa ofesala.

Mawu oti "palibe tenda yomwe ili mkati" ndi amene amagwetsa ambiri. Kampaniyo ili ndi kontrakiti, ndiye kuti pali invoisi yomwe ikudikira siginecha, pali katundu yemwe adzayenera kukanidwa akadzabwera wosayenera, pali tenda ya chaka chamawa. Paja kupatsa n'kuika. Woperekayo akudziwa chomwe akuika.

Gulugufe09
Ndamva amayi. Koma kubweza mphatso kumachititsa manyazi, ndipo wogulitsayo angaone ngati mwamutenga ngati wa ziphuphu.

MayiWaKomiti
N'chifukwa chake ibwezedwe ndi ofesi, osati ndi munthu. Komanso ofesi yokonzeka imalembera makampani onse omwe imachita nawo bizinesi nyengo ya mphatso isanafike, kuwadziwitsa kuti ogwira ntchito ake salandira mphatso. Zikatero palibe amene amachita manyazi, chifukwa palibe amene wasankhidwa yekha.

Mlembi_wa_Bokosi
Funso la foni ndi lalikulu kuposa la mphatso, ngakhale limaoneka laling'ono. Tenda ikangolengezedwa, chilichonse chomwe wopikisana mmodzi wamva, ena onse ayeneranso kuchimva, nthawi imodzi komanso m'mawu omwewo. Woimbayo auzidwe chinthu chimodzi chokha: alembe funsolo ndi kulitumiza ku adiresi kapena imelo yomwe ili m'chikalata cha tenda, tsiku lomaliza la mafunso lisanadutse. Funso likafika, lilembedwe m'kaundula, liperekedwe kwa odziwa za katunduyo, ndipo yankho litumizidwe kwa onse omwe anatenga chikalatacho popanda kutchula amene wafunsa. Ngati yankholo likusintha kanthu, monga kuchuluka kwa katundu kapena tsiku lobweretsa, silikhalanso yankho wamba. Limakhala kusintha kwa chikalata, ndipo tsiku lotseka liyenera kusunthidwa kuti onse akhale ndi nthawi yokonzanso mitengo yawo.

Vuto la kuyankha pa foni ndi ili. Tinene chikalata chikuti "makina osindikizira 40" koma sichikunena ngati mtengo uphatikize kuwaika ndi kuphunzitsa anthu. Woimbayo mwamuuza kuti ayi, usaphatikize. Iye achotsa ndalama zimenezo pa mtengo wake, anzake aziphatikiza pofuna kudziteteza. Iye apambana chifukwa cha mawu anu awiri aja, ndipo m'fayilo mulibe chilichonse chosonyeza zomwe zinachitika. Ofesalayo sanalandire kanthu, koma mpikisano wafa.

Gulugufe09
Ndiye kuti wogula katundu asamalankhule ndi ogulitsa? Adziwa bwanji zomwe zili pamsika?

Mlembi_wa_Bokosi
Alankhule nawo, koma tenda isanalengezedwe, ndipo osati ndi kampani imodzi. Aitane makampani angapo kapena alengeze poyera kuti ofesi ikufufuza msika. Mkumano uchitikire mu ofesi nthawi ya ntchito, pakhale anthu awiri a boma, zokambirana zilembedwe. Asaulule bajeti yomwe sinalengezedwe, asalonjeze kanthu. Ndipo asatenge kabuku ka kampani imodzi n'kukasandutsa spesifikesheni, ndiko kuti mndandanda wa zomwe katundu wofunidwayo ayenera kukhala nazo.

Kafufuzi
Mfundo yomalizayi ndi yomwe ndimadikira. Mphatso timazikamba kwambiri chifukwa zimaoneka ndi maso, koma tenda zambiri zokhotetsedwa zimakhota tsiku lotsegula mabidi (zikalata za mitengo zomwe opikisana amapereka) lisanafike n'komwe. Mu 2014 bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko la OECD linatulutsa lipoti la milandu 427 ya makampani ndi anthu omwe anapereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma a mayiko ena. Pa milandu 100 iliyonse, 57 inali ya ziphuphu zofuna kupeza makontrakiti a boma, ndipo pa milandu inayi iliyonse, itatu inadzera mwa mkhalapakati. Ndiye wopereka chiphuphu nthawi zambiri safika yekha pa desiki yanu ndi envelopu.

Onani spesifikesheni. Ikamati laputopu ikhale yolemera makilogalamu 1.37 ndendende, batire lake likhale la mtundu wakutiwakuti, ndipo mabowo olumikizira akhale mbali yakumanzere, dziwani kuti wina wakopera kabuku ka kampani imodzi. Spesifikesheni yabwino imanena ntchito yomwe chinthu chiyenera kugwira ndi muyezo wochepetsetsa kapena wokulitsitsa: memore isachepere 16 GB, kulemera kusapitirire makilogalamu 2, walanti isachepere zaka zitatu. Chitsanzo cha lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma chomwe bungwe la United Nations loona za malamulo a malonda la UNCITRAL linatulutsa mu 1994 n'kuchikonzanso mu 2011 chimati dzina la kampani kapena la katundu wake lisatchulidwe pokhapokha ngati palibe njira ina yofotokozera, ndipo likatchulidwa pawonjezedwe mawu oti "kapena chofanana nacho".

Njira ina ndi zoyenereza. Ntchito yaing'ono yokonza madenga, koma chikalata chikufuna kampani yomwe yagwirapo ntchito zisanu zazikulu kuposa imeneyo kakhumi. Palibe chifukwa chilichonse chaumisiri. Cholinga n'kutsekera ena kunja.

Nsanamira
Koma a Kafufuzi, spesifikesheni salemba ndi wogula. Amalemba ndi dipatimenti yomwe ikufuna katunduyo.

Kafufuzi
Zoona, koma imadutsa m'manja mwake isanatuluke. Udindo wake n'kufunsa pa mzere uliwonse kuti "ichi chikufunika chifukwa chiyani?" komanso "ndi makampani angati angathe kupereka ichi?" Ngati yankho ndi imodzi, aibweze ku dipatimenti ndi funso lolembedwa. Wogula yemwe amangodinda sitampu pa chilichonse chomwe chabwera sangadzanene kuti iye n'ngosalakwa.

Mmisiri_BOQ
Ndiwonjezere za zomangamanga, chifukwa kumeneko chinyengo chimabisala m'manambala. Tiyerekeze chikalata chikuti kukumba miyala ndi makyubiki mita 100, kukumba dothi wamba ndi makyubiki mita 5,000. Wina wa mkati akudziwa kuti malowo ndi a miyala ndipo miyala yeniyeni ifika 2,000. Akanong'oneza kontrakitala mmodzi, iyeyo amaika mtengo wokwera kwambiri pa miyala ndi wotsika pa dothi. Powonkhetsa, bidi yake imaoneka yotsika kuposa zonse, chifukwa 100 ndi nambala yaing'ono. Ntchito ikayamba, malipiro amatsata muyezo weniweni wa zomwe zakumbidwa, ndipo boma limalipira mtengo wokwera uja pa makyubiki mita 2,000.

Pounika, musamangoona nambala ya pansi. Ikani mitengo ya mzere uliwonse ya opikisana onse pambali pa chiyerekezo cha injiniya. Mzere womwe wina waika mtengo kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa anzake, funsani kuti bwanji, ndipo funsaninso ngati kuchuluka komwe kunalembedwa pa mzerewo kunayezedwadi. Chimodzimodzi amene waunjika ndalama pa ntchito zoyambirira monga kukonza malo ndi maziko: akalandira zambiri koyambirira, alibenso chomukakamiza kumaliza.

Kontrakiti ikasayinidwa pamabwera ntchito zowonjezera. Lamulo la European Union la 2014 limalola kusintha kontrakiti popanda mpikisano watsopano ngati kusinthako kuli kochepera 10 peresenti ya mtengo woyamba pa katundu ndi ntchito wamba, kapena 15 peresenti pa zomangamanga, bola ntchitoyo isasinthe mtundu. Mayiko ena ali ndi malire awo. Chofunika n'kuwerengera zowonjezera zonse pamodzi. Zowonjezera zisanu za 4 peresenti chilichonse ndi 20 peresenti, ngakhale chilichonse pachokha chikuoneka chaching'ono.

WakuStores
Nonse mukukamba za mapepala. Bwerani kuno komwe galimoto imatsitsa katundu. Kontrakiti ingakhale yoyera kuyambira poyamba, koma ngati wolandira asayina kuti katundu wafika bwino asanamuone, zonse zija zapita pachabe.

Mapepala osindikizira: bokosi limakhala ndi marimu 5, rimu imakhala ndi mapepala 500. Musawerenge mabokosi okha. Tsegulani ena apakati ndi apansi pa mulu, osati apamwamba pokha, ndipo onani ngati kulemera kwa pepala ndi 80 gsm monga munaitanitsira, osati 70. Makompyuta: yatsani, onani memore ndi purosesa pa makina penipeni, osati pa katoni, ndipo lembani nambala ya makina aliwonse. Simenti: onani ngati mphamvu yake ndi 42.5 kapena 32.5, ndipo kwezani matumba angapo pa sikelo muone ngati akukwana makilogalamu 50. Zitsulo za konkire: yezani. Chitsulo cha mamilimita 12 chimalemera pafupifupi makilogalamu 0.89 pa mita, cha mamilimita 10 ndi 0.62. Akakupatsani cha 10 m'malo mwa 12, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo lasowa, ndipo konkire ikathiridwa palibe adzaonenso. Mankhwala: nambala ya gulu lomwe anapangidwira ndi tsiku lothera mphamvu zilembedwe pa chikalata cholandirira.

Malipiro asatuluke mpaka zikalata zitatu zigwirizane: LPO (chikalata choitanitsira katundu), chikalata cholandirira katundu, ndi invoisi. Ndipo woitanitsa, wolandira ndi wolipira akhale anthu atatu osiyana.

Kalozera_wa_LPO
A WakuStores, nanga chaka cha ndalama chikamatha, wogulitsa n'kunena kuti katundu ali m'njira, musayiniretu kuti ndalama zisabwerere? Ambiri amaona ngati n'kuthandiza ofesi.

WakuStores
Kusayina kuti mwalandira chomwe simunalandire ndi kulemba chikalata chabodza, kaya katunduyo adzafika mawa kapena ayi. Komanso mukatero mwataya mphamvu yokhayo yomwe munali nayo pa wogulitsayo. Akadzabweretsa theka kapena wosayenera, mudzamukana bwanji pomwe siginecha yanu ikuti zonse zinafika zili bwino? Ngati wafikadi theka, lembani theka. Ngati pakufunika kulipiriratu, pali njira yake: zilembedwe m'kontrakiti ndipo wogulitsa apereke chikole cha ku banki.

Gulugufe09
Zonsezi n'zabwino, koma tinene zoona. Munthu akusayina makontrakiti a ndalama zankhaninkhani pomwe malipiro ake sakwana mwezi. Anthu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Nsanamira
Udzu umenewo si wa mbuzi. Ndi mankhwala a m'chipatala ndi mabuku a ana.

Kafufuzi
Za malipiro n'zoona ndipo maboma ayenera kuziganizira, chifukwa kusiya munthu wosowa pafupi ndi ndalama zambiri n'kumuika pa mayesero. Koma malipiro okha sathetsa nkhaniyi. Darleen Druyun anali mmodzi mwa akuluakulu ogula zida ku nthambi ya ndege za nkhondo ya America, munthu wa udindo waukulu. Anakambirana ndi kampani ya Boeing zoti idzamulembe ntchito pomwe anali akuyang'anirabe nkhani za makontrakiti a kampaniyo, ndipo mwana wake wamkazi anali atalembedwa kale ntchito komweko. Atapuma m'boma analowa ku Boeing. Mu 2004 khoti linamulamula kukhala m'ndende miyezi 9, ndipo Michael Sears, mkulu wa zachuma wa kampaniyo, analamulidwa miyezi 4 mu 2005. Sipanafunike envelopu. Lonjezo la ntchito linakwanira.

ChipalaChaMalamulo
Nkhani imeneyi ikutifikitsa pa kulengeza ubale, komwe ndi mtima wa zonse. Pangano la United Nations lolimbana ndi katangale, lomwe linavomerezedwa mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005, m'ndime 9 limatchula mwachindunji anthu ogula katundu wa boma: kulengeza zomwe zimawakhudza pa kugula kwina, kuwaunika powalemba ntchito, ndi kuwaphunzitsa. Ndime 15 imanena kuti chiphuphu ndi chiphuphu ngakhale phindu likupita kwa munthu wina osati kwa ofesalayo, ndipo kupempha kokha ndi mlandu kale.

Pa ntchito zimayenda motere. Fomu yolengeza isayinidwe kawiri: poyamba munthu akasankhidwa kulowa m'komiti younika, kachiwiri mabidi akatsegulidwa ndipo mayina a makampani adziwika. Yachiwiriyi ndi imene imaiwalika, pomwe ndi yofunika kwambiri, chifukwa poyamba paja munthu sankadziwa amene apikisane. Zoyenera kulengeza ndi ubale wa magazi kapena wa ukwati ndi eni kampani kapena akuluakulu ake, masheya, ngongole, ntchito yomwe munagwirako posachedwa, ntchito yomwe mukuyembekezera, komanso udani. Wolengeza saweruza yekha ngati nkhaniyo ndi yaikulu. Amaweruza ndi wapampando kapena mkulu wa ofesi, ndipo chigamulo chake chilembedwe. Munthu akachotsedwa, achokedi: asaone mabidi, asakhale m'chipinda, asalandire makope a maimelo, asafunse anzake kuti zikuyenda bwanji.

Za ntchito ya m'tsogolo, lamulo la America limati ofesala yemwe akugwira nawo tenda, kampani yopikisana ikamuyandikira ndi nkhani ya ntchito, anene molemba ndipo akane kapena adzichotse pa tendayo. Ndipo amene anali ndi udindo waukulu pa kontrakiti yoposa madola 10 miliyoni saloledwa kulandira malipiro kuchokera ku kampaniyo kwa chaka chimodzi.

MayiWaKomiti
Ndikugwirizana nazo, koma ndiwonjezere kuti kukhala ndi m'bale wa bizinesi si mlandu. Mlandu ndi kubisa. Maofesi ena amachititsa manyazi munthu amene walengeza, ndiye ena amaphunzirapo kukhala chete.

Dinala_wa_Data
Zonsezi zingathe ndi kompyuta. Ukraine inakhazikitsa ProZorro, njira yochitira matenda a boma pa intaneti, mu 2016, ndipo kumeneko mpikisano ukatha aliyense amatha kuona pa intaneti mabidi onse, zigamulo za komiti ndi kontrakiti. Bokosi la makiyi loponyamo mabidi ndi la kale.

Mlembi_wa_Bokosi
Kompyuta imathandiza pa zinthu zina: bidi singalowe nthawi itadutsa, singatsegulidwe nthawi isanakwane, ndipo aliyense wokhudza fayilo amasiya phazi. Koma spesifikesheni yokhota imalowa m'kompyuta bwinobwino. Ndipo pasiwedi ikabwerekedwa kwa mnzanu "kuti angothandiza", kulekanitsa maudindo kuja kwatha, chifukwa munthu mmodzi akuitanitsa ndi kuvomereza yekha ndi mayina awiri.

Komwe bokosi likadalipo, lisamalidwe. Maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri osiyana. Nthawi yotseka ikakwana, pakamwa pa bokosi pamatidwe, ndipo envelopu yofika mochedwa, ngakhale ndi mphindi imodzi, ilembedwe nthawi yomwe yafika n'kubwezedwa yosatsegula. Kutsegula kuchitike nthawi yomweyo pamaso pa opikisana. Dzina la kampani, mtengo, kuchotsera kulikonse ndi chikole ziwerengedwe mokweza, ndipo a komiti asayine pa masamba a mitengo kuti tsamba lisadzasinthidwe usiku. Kuchotsera komwe sikunawerengedwe pa tsikulo kusawerengeredwe pounika.

Dinala_wa_Data
Pa pasiwedi mwanena zoona. Komabe deta ikakhala poyera, atolankhani ndi makampani omwe aluza amaona zomwe odita mmodzi sangazione.

Kalozera_wa_LPO
Tibwerere pang'ono akuluakulu. Chomwe chimaopsa ongoyamba si kampani ayi, ndi bwana. Akanena pakamwa kuti "iyi ipatseni kampani yakutiyakuti, ndi zachangu", wamng'ono atani?

ChipalaChaMalamulo
Asakangane pakhonde, ndipo asangomvera. Abwerere pa desiki alembe memo yaulemu: "Malinga ndi zomwe munandiuza lero, ndamva kuti tigule kwa kampani yakuti popanda mpikisano. Malamulo akufuna zifukwa zolembedwa ndi chilolezo cha komiti. Chonde nditsimikizireni molemba kuti ndikapereke ku komiti." Aike tsiku, asunge kope. Malamulo ambiri olakwika amafera pomwepa, chifukwa wolamulayo safuna dzina lake pa pepala. Akaumirira, nkhani ipite ku komiti yogula, kwa odita wa mkati, kenako ku bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma kapena lolimbana ndi ziphuphu. Ndime 33 ya pangano la United Nations lija imalimbikitsa mayiko kuteteza oulula, koma chitetezo chenicheni chimasiyana dziko ndi dziko, ndiye munthu adziwe lamulo la kwawo ndi njira yoululira mwachinsinsi asanayambe. Alembe zomwe waona, masiku ndi manambala a zikalata, osati zomwe akuganiza. Mlandu suola, ndipo ukadzafika, chomwe chidzawerengedwe ndi siginecha, osati mawu a pakhonde.

Pa "zachangu": chitsanzo cha UNCITRAL chija chimanena kuti changu chomwe ofesi ikanatha kuchiwoneratu, kapena chomwe chabwera chifukwa cha kuzengereza kwa ofesiyo, si chifukwa chothawira mpikisano wa poyera. Kusefukira kwa madzi ndi ngozi. Kontrakiti ya alonda yomwe aliyense ankadziwa kuti itha mwezi uno si ngozi.

Kafufuzi
Mnzake wa "zachangu" ndi kudula ntchito zidutswazidutswa. Malire a ndalama ogulira katundu ndi makotesheni okha popanda tenda akakhala pa mlingo wina, mumapeza ma LPO anayi a katundu yemweyo, kwa kampani yomweyo, m'sabata imodzi, iliyonse itatsala pang'ono kufika pa malirewo. Kuzigwira n'kosavuta: sanjani ma LPO a chaka chonse potsata wogulitsa ndi tsiku. Mankhwala ake ndi pulani ya zogula ya chaka, yomwe imaphatikiza zofuna za madipatimenti onse, kapena mgwirizano wa nthawi yaitali womwe wapikisanidwa kamodzi poyera.

Makotesheni atatu nawonso muziwayang'ana ndi diso lakuthwa. Mawu olakwika kalembedwe pa malo amodzimodzi m'makotesheni awiri, nambala ya foni kapena adiresi imodzi, zikole za ku banki za manambala otsatizana, mitengo yosiyana ndi peresenti yofanana pa mzere uliwonse, mafayilo a pa kompyuta osonyeza kuti anawalemba ndi munthu mmodzi. Pa tenda zikuluzikulu onani makampani omwe amapambana mosinthana, ndi woluza yemwe pambuyo pake amapatsidwa gawo la ntchito ndi wopambana. OECD inatulutsa malangizo a zizindikiro zoterezi mu 2009. Mukaziona musaitane makampaniwo kuti muwafunse, mungawachenjeze. Sungani zikalata zonse momwe zilili ndipo dziwitsani bungwe loona za mpikisano pa malonda.

Gulugufe09
Nanga komiti ikapeza kuti bidi yabwino kwambiri yalakwitsa masamu? Kumuimbira kuti akonze si kuthandiza boma?

MayiWaKomiti
Masamu amakonza ndi komiti potsata lamulo lomwe lili m'chikalata, osati mwini bidi. Kawirikawiri lamulo limati mtengo wa chinthu chimodzi ndi umene umatsatidwa ukasemphana ndi chiwonkhetso, ndipo mawu ndi amene amatsatidwa akasemphana ndi manambala. Komiti ikakonza imamulembera kuti avomereze, akakana bidi yake imagwa. Kufunsa kuti afotokoze chomwe analemba kale n'kololedwa, molemba. Kumulola kusintha mtengo kapena kubweretsa chikalata chofunikira chomwe chisintha bidiyo n'kumupatsa mwayi wachiwiri womwe anzake sanapatsidwe.

Chinanso: miyezo younikira ndi yomwe inalengezedwa, basi. Ngati chikalata chinati luso 70, mtengo 30, komiti singasinthe itaona mabidi. Aliyense apereke mamalikisi payekha ndi chifukwa chake asanakambirane, ndipo pomwe mamalikisi asiyana kwambiri, kukambiranako kulembedwe. Bidi yotsika modabwitsa isatayidwe mwakachetechete ndipo isalandiridwe mwachimbulimbuli. Mwini wake afunsidwe molemba kuti asonyeze momwe wawerengera.

Nsanamira
Ndipo oluza auzidwe chifukwa chomwe aluzira.

ChipalaChaMalamulo
Eya, ndipo kontrakiti isasayinidwe tsiku lomwelo. Malamulo a World Bank a 2016 amaika masiku 10 a ntchito pakati pa kudziwitsa opikisana za yemwe akufuna kumupatsa ndi kupereka kontrakitiyo, kuti wodandaula adandaule zinthu zisanamangike. Pofotokozera woluza, muuzeni za bidi yake yokha poyerekeza ndi miyezo, osaulula zinsinsi za malonda za anzake. Ndipo wodandaula asasungidwe kumtima pa tenda yotsatira. Mbali ya makampani nayo ili ndi chilango: kuyambira 2010, World Bank, African Development Bank, Asian Development Bank, European Bank for Reconstruction and Development ndi Inter-American Development Bank anagwirizana kuti kampani yomwe imodzi mwa mabankiwa yailetsa kwa nthawi yoposa chaka chifukwa cha chinyengo kapena ziphuphu, enawo ailetsenso. Musanapereke kontrakiti, onani mndandanda wa oletsedwa, ndipo onani mayina a eni ake, chifukwa kampani yoletsedwa imatha kubwera ndi dzina latsopano.

WakuStores
Chimodzi chomwe sichinatchulidwe: kusunga invoisi m'kabati mpaka wogulitsa abwere kudzapepesa. Kumeneko ndi kupempha chiphuphu popanda kutsegula pakamwa. Invoisi iliyonse idindidwe tsiku lomwe yafika, ilowe m'kaundula, ndipo zilipiridwe motsata tsikulo. Yomwe yadumpha mzere ikhale ndi chifukwa cholembedwa. Yomwe ili ndi vuto ibwezedwe msanga ndi kalata yonena vutolo.

Kalozera_wa_LPO
Zikomo nonse. Funso lomaliza ndi la kaundula wa mphatso uja. Asunge ndani? Ngati ali m'manja mwa mkulu wa ofesi yogula, ndani aziona zomwe iyeyo walandira?

MayiWaKomiti
Asakhale mu ofesi yogula. Asungidwe ndi odita wa mkati kapena ofesala woona za khalidwe, m'buku la masamba a manambala loti tsamba silingang'ambidwe osadziwika, kapena pa kompyuta pomwe cholembedwa sichifufutika. Mulembedwenso mphatso zomwe zakanidwa, chifukwa kampani yomwe yayesa anthu atatu m'miyezi iwiri imaonekera pamenepo. Za mkulu wa ofesi yogula asayinire ndi mkulu wa bungwe, ndipo za mkulu wa bungwe zipite ku komiti ya odita. Bukulo liunikidwe miyezi itatu iliyonse poliyerekeza ndi mndandanda wa makampani omwe apatsidwa makontrakiti ndi omwe alipidwa m'miyezi imeneyo.